MOTO WA M'INJINI ULI NDI NTHAŴI YAKE

Lero tikamba za taimingi ya injini, ndipo tikulunjika kwa eni magalimoto ndi amakaniko a ku Mulanje, amene mapikapu ao amanyamula zinanazi ndi nthochi kuchokera ku Limbuli ndi ku Chitakale kupita ku Limbe.

M'injini ya petulo, pisitoni imakwera nkupanikiza mpweya wosakanizika ndi mafuta, kenaka pulagi imathetheka moto. Mafuta sapsa onse pa kamphindi kamodzi, choncho motowo uyenera kubwera pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Injini ikamathamanga, moto uyenera kufulumirako ndithu, pakuti injini yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi imazungulira maulendo 50 pa sekondi imodzi.

Moto ukafulumira mopitirira muyeso, injini imagogoda ngati muli timiyala m'kati, makamaka galimoto ikalemedwa pokwera zitunda za ku Thyolo. Kugogoda kumeneku kukapitirira kumaboola pisitoni, ndipo ndalama za nyengo yonse ya zinanazi zimathera pa kuphwasula injini. Moto ukachedwa, galimoto imafooka, imatentha, nimamwa petulo wambiri.

Kale ntchito imeneyi inali m'manja mwa disitiribyuta. Makaniko ankamasula bawuti, napotoza disitiribyuta pang'onopang'ono akumvetsera ndi khutu mpaka injini italira bwino. Ambiri anali akatswiri pa zimenezi, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Koma m'galimoto yoyendera kompyuta, khutu lomwelo likhoza kuwasokeretsa.

Kompyuta imalandira uthenga kuchokera ku tizipangizo totchedwa masensa. Kena kamaiuza pamene pisitoni yafika, kena kutentha kwa madzi, kena kuchuluka kwa mpweya woloŵa, ndipo m'injini zambiri muli kena komvera kugogoda kuja. Poŵerengera zonsezi, kompyuta imasuntha nthaŵi ya moto kosalekeza. Tsono makaniko akapotoza disitiribyuta kompyuta ili pa ntchito, amakhala akupima chinthu chosakhazikika, monga munthu woyeza ufa pa sikelo imene wina waikapo dzanja.

Titenge chitsanzo cha Toyota Hilux ya injini ya 22R-E, imene ili ndi kompyuta komanso disitiribyuta. Injini iyambe yatentha bwino, ndipo ilire yokha popanda kuponda mafuta. Pansi pa boneti pali kabokosi koyezera matenda a galimoto. M'menemo makaniko alumikize mabowo a TE1 ndi E1 ndi kawaya kakafupi, pakuti kutero nkuuza kompyuta kuti ileke kusuntha moto. Apo ndipo aunike pa pule ya kutsogolo ndi nyali ya taimingi, napotoze disitiribyuta mpaka chizindikiro chitafika pa madigiri 5 pisitoni isanafike pamwamba. Akamanga bawuti achotse kawaya kaja, ndipo adzaona chizindikiro chikusuntha chokha: ndiye kuti kompyuta yayambiranso ntchito yake. Injini zina zili ndi madigiri ena ndi njira zina, choncho ŵerengani kachikalata komatidwa kunsi kwa boneti musanagwire sipanala.

Magalimoto a masiku ano alibe disitiribyuta nkomwe, ndipo ambiri ali ndi koyilo pa pulagi iliyonse. Pamenepo palibe chopotoza. Wina akakuuzani kuti mumlipire akusinthireni taimingi pa galimoto yotere, mfunseni akuonetseni chimene ati apotozecho. Taimingi ikasokonekera m'injini zoterezi, vuto limakhala sensa yakufa, waya wothethuka kapena woloŵa madzi, chinthu chosasoŵa m'boma la mvula ngati Mulanje, kapenanso lamba wa taimingi amene walumpha dzino. Makina oŵerengera kompyuta ya galimoto ndiwo amaloza kumene kuli vuto.

Ena amanamizira petulo wathu, amene wakhala akusakanizidwa ndi mafuta ochokera ku nzimbe chiyambire 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kuwapanga. Kunena zoona, mafuta a nzimbewo amachepetsa kugogoda.

Inu oyendetsa malole a tiyi a ku Lujeri ndi odutsa pa chipata cha Muloza, injini zanu nza dizilo ndipo zilibe mapulagi othetheka moto. Kwa inu taimingi ndi nthaŵi imene dizilo amapoperedwa m'silinda. M'malole akale imakonzedwa pa pampu, koma m'malole atsopano nayonso ili m'manja mwa kompyuta, ndipo siikonzeka ndi sipanala.