Aurora ikayaka, mphepo ya kumwamba imachita misala

Usiku wopanda chochitika, makilomita 250 pamwamba pa mzinda wa Tromsø ku Norway, mphepo imakhala yomvera. Mpweya wa kumeneko ndi wochepa zedi moti ndege singaulukemo, ndipo njira yake ndi imodzi tsiku ndi tsiku: kuchoka kumbali ya dziko imene kuli dzuwa, kulowera kumene kuli mdima.

Koma tadikirani dzuwa lilavule! Pa 10 Meyi 2024, mitambo ya tizidutswa ta magetsi yochokera ku dzuwa inafika pa dziko lapansi n'kubweretsa mkuntho wa maginito woposa yonse chiyambire 2003. Mphamvu ya maginito ya dziko inalondolera tizidutswato chakumpoto ndi chakumwera kwenikweni, komwe tinagundana ndi okosijeni. Thambo linayaka: kubiriwira cha m'munsi, psuu pamwamba pa makilomita 200. Ngakhale ku South Africa anthu anakuona kuwala kumeneku, kotchedwa aurora.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chosaoneka ndi maso. Aurora ikayaka, magetsi amphamvu amayenda mu mpweyawo n'kuutenthetsa. Ukatentha umafufuma, umakwera, kenako umakhuthukira cha ku ikweta, ndipo m'maola ochepa funde lake limakhala litadutsa makilomita masauzande. Nthawi yomweyo tizidutswa ta magetsi tija timathamanga mozungulira, tikukoka mpweya wonse ngati mthiko wovundula phala. Mphepo ija inkayenda mwaulemu tsopano yatembenuka, yazungulira, yaliyatsa liwiro. Pa mikuntho ikuluikulu imaposa mamita 500 pa sekondi, pamene phokoso pansi pano limayenda mamita pafupifupi 340 okha. Si mphepo yomwe ija ayi!

Nanga mphepo yosaoneka mungaiyeze bwanji? Asayansi amaipaka utoto. Mu Epulo 2019, maroketi awiri a NASA ananyamuka pa Andøya ku Norway n'kukamwaza mankhwala owala pakati pa aurora. Makamera ali pansi anatsata mitambo yokongolayo ikuuluzika, ndipo mayendedwe a mphepo anaonekera poyera.

Eni masetilaiti nawo amaumva mkunthowu m'thumba. Mu Febuluwale 2022, kampani ya SpaceX inatumiza masetilaiti 49 a Starlink, koma mkuntho waung'ono chabe unafufumitsa mpweya mpaka unayamba kuwagwira miyendo. Okwana 38 anatsika n'kupsera m'mlengalenga.

Ndipo aurora ikazima, mphepo siimva msanga kuti gule watha. Imapitiriza kuzungulira kwa maola angapo ndi mphamvu imene yapatsidwa. Taganizani: dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, koma likangoyetsemula, mpweya wa dziko lathu umasintha njira usiku umodzi. Ndani angamve zimenezi osaomba m'manja?