Akuba Amene Sanyamula Kanthu

Mu Febuluwale 2024, pamene anthu ambirimbiri adali atatha masabata akuzungulira pa maofesi a Immigration ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena atagwira makalata a ntchito ya m'minda ya ku Israel, ena akufuna kukaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, enanso ali ndi odwala oyembekezera madokotala akunja, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo nauza aphungu kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera adalowedwa ndi achifwamba a pakompyuta, kuti achifwambawo adali kufuna dipo, ndi kuti boma silidzawapatsa ndalama za anthu. Ena adakayika mawuwo, nati gwero la vuto lidali mkangano wa boma ndi kampani yakunja imene idaika makinawo. Koma munthu wamba amene adali pamzere adaona ndi maso ake chinthu chachilendo: nyumba ili chiimire, alonda ali pachipata, makina onse ali m'malo mwake, ndipo ntchito ya dziko lonse yaima.

Umbava umene a Chakwera adanena, umene akatswiri amautcha ransomware, usiyana ndi umbava wonse umene makolo athu ankaudziwa, pakuti wakubayo sanyamula kanthu. Ali ngati munthu wofika usiku pa chipinda chimene musungiramo matumba a chimanga, amene m'malo mosenza thumba angokoloweka loko wake pachitseko, nasiya kalata yonena mtengo wa kiyi. Chimanga chili momwemo, ndi chanu ndithu, koma ana agona ndi njala. Pulogalamu yoipayo ikalowa m'kompyuta iyendayenda mwakachetechete m'mafayilo onse, makalata, mabuku a ndalama, maina a odwala, malikisi a ophunzira, nisanduliza fayilo iliyonse mwa masamu kuti ikhale zilembo zosokonekera zimene palibe angaziwerenge kufikira atapatsidwa nambala yaitali yachinsinsi yobwezera zonse m'malo. Masamu ake ndi a mtundu womwewo umene uteteza ndalama zathu pozitumiza pafoni kapena kubanki, ndipo ndi olimba kotero kuti angakhale makompyuta amphamvu atasonkhanitsidwa kuti ayese nambala imodziimodzi, mibadwo ingathe asanaipeze. Polowera pake kawirikawiri mpachabechabe: imelo yooneka ngati invoisi kapena kalata ya abwana, imene kalaliki aitsegula mofulumira asanapite kukadya, pasiwedi yobedwa, kapena mpata wotsala m'pulogalamu yakale imene mwini wake sadaikonze.

Woyamba kuyesa ntchito yotere sadali mnyamata wa mumsewu ayi, koma munthu wophunzira kwambiri, Joseph Popp wa ku America, katswiri wa sayansi ya zamoyo amene adaphunzira ku Harvard. Mu Disembala 1989 adatumiza pa positi timadisiki tokwana pafupifupi 20,000, tolembedwa kuti muli uthenga wa matenda a Edzi, ndipo ambiri mwa olandira adali madokotala ndi ofufuza za matendawo. Aliyense woika kadisikiko m'kompyuta yake sadaone choipa masiku oyamba. Koma akaiyatsa kokwana 90, maina a mafayilo ake onse ankasokonezeka, ndipo pankatuluka mawu olamula kuti atumize madola 189 ku bokosi la positi ku Panama. Popp adagwidwa msanga, natumizidwa ku Britain, kumene bwalo lidaona kuti mutu wake sudali bwino moti n'kuzengedwa mlandu. Ndalama ya pa positi imasiya mapazi, ndipo chifukwa cha ichi umbavawu udagona tulo zaka zambiri. Chidaudzutsa ndi Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene idayamba mu 2009, yodutsa malire a maiko popanda banki yofunsa dzina la wolandira. Pofika 2013, pulogalamu yotchedwa CryptoLocker idali itaonetsa akuba onse kuti dipo likhoza kutoledwa kwa anthu zikwizikwi wakubayo ali khale m'chipinda chake kutsidya kwa nyanja.

Lero ntchitoyi yasanduka malonda okhala ndi madongosolo ake. Alipo olemba pulogalamu, alipo ena ongothyola zipata nagulitsa polowera, alipo obwereka pulogalamuyo nakachita umbava, kenaka n'kugawana phindu ndi eni ake. Ndipo ena ali ndi anthu oyankha mafunso a oberedwa mwaulemu wonse, kuwalangiza kumene angagule Bitcoin. Kuyambira cha m'ma 2019 adawonjezanso nkhanza ina, yoyamba akopa mafayilo asanawakhome, kuti woberedwa akakana kulipira amuopseze kuti zinsinsi za makasitomala ake aziyala poyera. Gulu lotchedwa LockBit, limene lidali lalikulu koposa, apolisi a ku Britain ndi a ku America pamodzi ndi anzawo adalanda makompyuta ake mu Febuluwale 2024, koma pasanathe sabata lidayambanso kumveka.

Tsiku limene dziko lonse lapansi lidadzidzimuka lidali Lachisanu, pa 12 Meyi 2017. M'zipatala za boma ku England anamwino ndi makalaliki adaona makompyuta awo akusintha imodzi ndi imodzi: pagalasi padatuluka bokosi lofiira, chithunzi cha loko pakona, ndi mawotchi awiri akuwerenga nthawi chobwerera m'mbuyo, yoyamba yonena kuti pakatha masiku atatu dipo la madola 300 lidzakwera kufika 600, yachiwiri yonena kuti pakatha masiku asanu ndi awiri mafayilo adzatayika kosatha. Pulogalamuyo, yotchedwa WannaCry, sidadikire kuti munthu atsegule imelo. Inkadumpha yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake, ndipo m'masiku ochepa idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ku England kokha odwala pafupifupi 19,000 adauzidwa kuti tsiku lawo loonana ndi dokotala lalephereka, ndipo maambulansi ena adabwezedwa kukafuna zipatala zina. Chomvetsa chisoni nchakuti mpata umene pulogalamuyo idalowera, umene bungwe la ukazitape la America, NSA, lidaudziwa kale nkuusunga mwachinsinsi kufikira zida zake zitabedwa, kampani ya Microsoft idali itatulutsa kale chigamba choutseka mu Malichi, miyezi iwiri tsokalo lisanagwe. Amene adaika chigambacho adagona tulo tabwino. Amene adati tiika mawa adakumbukira mochedwa kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Komabe tisawaweruze mopitirira, pakuti kompyuta yolumikizidwa ku makina ojambulira odwala siizimitsidwa mwachisawawa, ndipo chipatala chimene ndalama zake zaperewera chimayamba chagula mankhwala. Mliriwo adauletsa ndi mnyamata wa zaka 22, Marcus Hutchins, ali m'nyumba ya makolo ake ku Devon, amene posanthula pulogalamuyo adaona kuti isanayambe ntchito inkayamba yafunsa adiresi ina ya pa intaneti imene padalibe mwini wake. Adaigula adiresiyo ndi madola osakwana 11, ndipo pulogalamuyo, itapeza kuti adiresi yayankha, idaleka kufalikira.

Patangopita milungu isanu ndi umodzi, pa 27 Juni, padadza china choopsa koposa, chotchedwa NotPetya, chimene chidalowera m'pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine, ndipo maboma a America ndi Britain adati chidachokera kwa asilikali a Russia. Ichi chinkaoneka ngati chofuna dipo, koma kiyi padalibe. Cholinga chake chidali kuononga basi. Mwa ogwidwa mudali Maersk, kampani ya ku Denmark ya sitima zapamadzi zonyamula makontena, imene maina ake timawaona pa malole odutsa pa Mwanza ndi pa Dedza. M'kanthawi kochepa makompyuta ake adazima m'maofesi a dziko lonse lapansi, zipata za madoko zidaleka kutseguka, malole nandanda mitunda yaitali. Akatswiri atasonkhana ku Maidenhead, kufupi ndi London, kuti amangenso zonse, adapeza kuti makope a zinthu zambiri adalipo, koma chimodzi chidasowa: kaundula wamkulu wonena yense wa m'kampanimo ndi zimene aloledwa kutsegula, amene popanda iye zina zonse sizikadayenda. Kaundulayo adasungidwa pa maseva pafupifupi 150 m'maiko osiyanasiyana, ndipo nzeru yake idali yakuti imodzi ikafa inzake idzaiukitsa. Koma popeza onse adali olumikizana, adafa pamodzi.

Adaimba mafoni ku ofesi iliyonse kufunsa ngati yatsala seva ina, kufikira adaipeza ku Ghana. Kumeneko magetsi adali atathima mliri usanafike, seva nikhala yosalumikizidwa pa nthawi imene zinzake zinkaonongeka. Intaneti ya ofesiyo idali yochedwa kwambiri moti sikadatha kutumiza kaundulayo msanga, ndipo mwa antchito ake padalibe wokhala ndi viza ya ku Britain. Tsono mmodzi adanyamula disikiyo nakwera ndege kupita ku Nigeria, kumene adaipereka pabwalo la ndege kwa mnzake amene adapitiriza nayo ulendo wa ku London. Wapampando wa kampaniyo pa nthawiyo, Jim Hagemann Snabe, adanena pambuyo pake kuti m'masiku khumi adakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndi kuti kampani idataya madola pakati pa 250 miliyoni ndi 300 miliyoni. Ife amene kuthima kwa magetsi tidakuzolowera tikhoza kumwetulira pomva kuti mdima wa ku Ghana udapulumutsa chimphona cha ku Ulaya; koma akatswiri adatolapo mfundo yosaseketsa, yakuti kope lopulumutsa ndi lokhalo limene silikhudzana ndi makina ena onse, ndipo chimene Maersk idachipeza mwamwayi, ofesi iliyonse iyenera kuchichita mwadala.

Nanga kulipira dipo? Mu Meyi 2021 kampani ya Colonial Pipeline, imene mipope yake imanyamula mafuta ambiri a kum'mawa kwa America, idalowedwa kudzera pa pasiwedi imodzi ya akaunti yakale imene padalibe woitseka, nilipira madola pafupifupi 4.4 miliyoni, koma kiyi imene idalandira idali yochedwa kotero kuti idadalirabe makope ake omwe. Patapita miyezi iwiri, Transnet, kampani yoyendetsa madoko a ku South Africa, idagwidwanso, madoko a Durban ndi Cape Town nayamba kulemba makontena pamanja, pamene katundu wina wa amalonda athu amadzera ku Durban komweko. Koma banki yaikulu ya Zambia, Bank of Zambia, itagwidwa ndi gulu lotchedwa Hive mu Meyi 2022, idakana kukambirana za dipo, chifukwa makina ake ofunika koposa adali otetezedwa, ndipo ntchito idabwerera. M'kuona kwanga, kukana kulipira ndi mawu abwino m'kamwa mwa iye yekha amene adakonzekeratu. Amene alibe kope lina akhoza kulankhula molimba mtima m'mawa, koma madzulo adzakhala akufunsa mtengo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo yense wolowa m'maofesi athu, a boma ndi a makampani omwe, adziwa mmene zinthu zikhalira. Fulashi imodzi iyenda kuchoka pa kompyuta ya akauntanti kupita ku shopu yosindikiza mapepala kumsika nibwereranso. Windows ndi yokopera kwa mnzake, yosalandira zigamba. Pasiwedi yalembedwa pa kapepala komata pambali pa galasi, ndipo ndi yomweyo imene ankagwiritsa ntchito mkulu amene adapuma zaka zitatu zapitazo. Mnyamata wa IT, amene mwina adaphunzira bwino za chitetezo cha makompyuta ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre, amakumbukiridwa pokhapokha printa ikakana kusindikiza, ndipo pempho lake la disiki yosungirapo makope limakhala pansi pa mulu wa mapepala pamene la matayala a galimoto ya abwana lasainidwa tsiku lomwelo. Zofunika sizodula monga ambiri aganizira: kuika zigamba zikangotuluka, kutseka maakaunti a anthu amene adachoka, kulamula kuti polowa pafunike pasiwedi pamodzi ndi nambala yobwera pafoni, kusunga kope pa disiki yochotsedwa ndi kutsekeredwa m'kabati ya nyumba ina, ndi kuliyesa kopelo nthawi ndi nthawi ngati likutsegukadi. Ndipo pogula makina kwa kampani yakunja, m'pangano mulembedwe momveka kuti makiyi aakulu ndi makope a kaundula adzakhala m'manja mwa ndani tsiku limene ubale udzatha.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidaika kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo m'gulu la milandu, nilikhazikitsa pansi pa MACRA nthambi yothandiza pa ngozi za makompyuta. Koma wakuba wokhala ku dziko lakutali saopa bwalo la ku Zomba kapena ku Mzuzu, kotero mphamvu yeniyeni ya lamulo ili pa osunga zinthu za anthu kuno kwathu. Ndicho chimene lamulo la Data Protection la 2024 lidadzachita: chipatala, sukulu, banki kapena kampani ya mafoni imene isunga maina, manambala ndi mbiri za anthu ili ndi udindo woziteteza, ndipo zikabedwa iyenera kukanena ku MACRA m'malo mobisa nkhaniyo monga ambiri ankachitira kale.