BWALO LA ANA PA SUKULU YA STAREHE

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapurazi, ambiri a inu muli ndi ana m'sukulu, ena kumudzi kumene munawasiya ndi amai ao, ena pa komponi pomwepo. Ndalama za sukulu mumazipeza ndi thukuta, ndipo mumafunsa ngati nyumba zace ziri za njerwa, ndi ngati ana amapambana mayeso. Mafunso awa ngabwino ndithu. Koma lero tifuna kukuuzani mbiri ya sukulu ina ya ku Kenya, imene inayamba yopanda njerwa ndi imodzi yomwe, nikula cifukwa aphunzitsi ndi ana ace anali kumvana.

Kuyambira caka ca 1952 kufikira 1960 dziko la Kenya linali m'mabvuto a nkhondo ya Mau Mau. Boma la Angerezi linatsekera anthu zikwi zambiri m'misasa ya ndende, ndipo pakati pao panali anyamata osatha msinkhu. Mzungu wina wobadwira ku Eldoret m'caka ca 1933, dzina lace Geoffrey Griffin, amene anagwirako nchito ya usilikari m'nkhondoyo, anapeza anyamata otere mu msasa wa Manyani, nawacotsa kunka nao ku Wamumu, kumene anaphunzitsidwa kuwerenga ndi nchito za manja.

M'caka ca 1959 Griffin anagwirizana ndi anzace awiri, Geoffrey Geturo ndi Joseph Gikubu. Gikubuyo anali mmodzi wa iwo amene anatsekeredwa m'misasa ija akali mnyamata. Atatuwa anasonkhanitsa ana 17 osowa kwao m'mudzi waukuru wa Nairobi, nawaika m'tinyumba tiwiri ta malata timene kampani ya Shell inawapatsa. Dzina la malowo linakhala Starehe, ndiwo mau a Ciswahili onena za mpumulo ndi mtendere.

Cinthu cimene cinachukitsa Starehe ndico msonkhano wochedwa Baraza, umene ife tingauche bwalo. Kamodzi pa sabata, madzulo a tsiku Lacisanu, anyamata anali kusonkhana pamodzi ndi mkuru wa sukulu. Pamenepo mwana ali yense, ngakhale wamng'ono, anali ndi ufulu wakuimirira ndi kunena cimene cirikumsautsa: kapena cakudya cacepa, kapena mnyamata woyang'anira anzace walanga mokondera, kapena lamulo lina liribe nzeru. Mkuru wa sukulu yemwe anali kufunsidwa. Ndipo lamulo lalikuru la bwalolo linali ili, kuti mwana sangalangidwe cifukwa ca mau amene wanena pa Baraza.

Tiyeni tione cifukwa cace mwambo uwu uli ndi mphamvu. Coyamba, mkuru amamva bvuto likali laling'ono, lisanatupe. Caciwiri, cidandaulo conenedwa poyera cimayesedwa poyera. Ngati ciri coona cimakonzedwa, ndipo ngati ciri cabodza anzace a mwanayo amamtsutsa okha. Cacitatu, pamene cinthu sicitheka, mkuru amafotokoza cifukwa cace, kotero kuti ana amadziwa kuti awakana ndi nzeru, si ndi cipongwe ai. Inu amene mwagwira nchito pansi pa akapitao osiyana mudziwa bwino kuti mtima wa munthu umapirira zolemera ngati pali pokanena, koma umawawa msanga ngati pakamwa patsekedwa.

Cikhulupiriro ici sicinathere pa Baraza pokha. Nyumba zogonamo zinayang'aniridwa ndi anyamata okha osankhidwa pakati pa anzao. Mwana wolangidwa mosayenera anali ndi njira yokadandaulira kwa mkuru wa sukulu. Pa nthawi ya chuthi ambiri anali kudzipereka kukathandiza m'zipatala popanda malipiro. Sukuluyo inakula kufikira ana oposa 1,000, ndipo ngati 7 mwa ana 10 ali onse anali osauka ophunzira kwaulere, nabvala cobvala cimodzimodzi ndi ana a olemera. Zaka zambiri Starehe inakhala pakati pa sukulu zoyamba pa mayeso a dziko lonse la Kenya. Paul Ereng, amene anapambana liwiro la mamita 800 pa masewera a Olympic ku Seoul m'caka ca 1988, anaphunzira kumeneko. Momwemonso Raphael Tuju, amene anadzakhala nduna ya boma. Griffin anaitsogolera kufikira imfa yace m'caka ca 2005.

Kuti tizindikire kulemera kwa nkhaniyi, tiyenera kuona zimene zinagwa m'sukulu zina za dziko lomwelo. M'caka ca 2001 pa sukulu ya Kyanguli, m'dera la Machakos, anyamata awiri okwiya ndi oyang'anira sukulu anatentha nyumba yogonamo usiku, ndipo anzao 67 anafa. M'caka ca 2016 sukulu zoposa 100 zinatenthedwa, zambiri ndi ana ace omwe. Sitinena kuti otenthawo analibe mlandu, anacimwa kwakukuru. Koma mkwiyo wosowa khomo umaturukira pa denga, ndipo Starehe, m'masiku a Griffin, inadziwika kuti ana ace sacita cipolowe.

Ena adzati, Kodi si mwano kuti mwana atsutse mphunzitsi pamaso pa anthu? Tiyankha kuti makolo athu anadziwa kale nzeru iyi. Pa bwalo la mfumu ngakhale mmphawi amapatsidwa nthawi yakunena mlandu wace, ndipo mfumu sicepa cifukwa cakumva. Imene imacepa ndiyo yokana kumva. Mwana wophunzira kunena zoona mwaulemu pamaso pa akuru sadzakhala wamiseche kumbali. Akuru anati, Kuongola mtengo mpoyamba; ndipo woongola mtengo ayenera kuufika pafupi ndi kuugwira ndi manja.

Bwalo lotere silifuna ndalama. Mthunzi wa mtengo ukwanira, pamodzi ndi mphunzitsi wamkuru wolimba mtima wosunga pangano lace lakusabwezera. Cifukwa cace, abale, polemba kalata kapena poimba lamya kumudzi, musafunse za mayeso okha. Funsani mwana wanu ngati mphunzitsi adziwa dzina lace, ndi kwa yani amakanena pamene wasautsidwa. Akati palibe, tumizani mau kwa amai ace kapena kwa amalume ace kuti akaichule nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Ndipo inu nokha, pobwera ku chuthi, mukafike pa sukulupo ndi kuceza ndi aphunzitsi mwaulemu.