Mgolo wa madzi uikidwe padzuwa kapena pansi pa mtengo?

Tawuni ya Chitungwiza, yomwe idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, imadalira madzi ochokera ku Harare. Mipopi ikauma, ife osamalira nazale timasunga madzi m'migolo ndi m'mathanki kwa masiku ambiri. Koma ndi ochepa mwa ife amene amalingalira za malo oikapo mgolowo, chonsecho malowo ndiwo amasintha madzi omwe mbande zathu zimamwa.

Chitsanzo chakale kwambiri cha nkhaniyi chili kutali, ku Xieng Khouang m'dziko la Laos. Kumeneko kuli mitsuko yamiyala yoposa 2,100 yomwe idasemedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo pa miyambo ya maliro, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wake mu 2019. Mvula ikagwa, mtsuko uliwonse umasanduka kadziwe kokhala ndi zamoyo zakezake. Mvula ndi yomweyo. Chosiyanitsa chachikulu ndi mtengo umene uli pamwamba pake.

N'chimodzimodzi ndi migolo yathu. Mgolo wokhala padzuwa madzi ake amafunda, amauluka msanga, ndipo ndere zimachulukana chifukwa zimadalira kuwala. Nderezo ndizo zimatseka timabowo ta mapaipi odontheza madzi, mlimi n'kubwerera kusitolo kudzadandaula kuti tidamugulitsa zida zachabechabe.

Pansi pa mtengo vuto ndi lina, ndipo ndi lobisika. Madzi amakhala ozizira, ndere n'zochepa, koma masamba a mango, mapeyala kapena mabulosi amagweramo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timawaoletsa, ndipo poteropo timatha mpweya wa okosijeni m'madzimo. Madzi amada ngati tiyi, pansi pamadzala matope onunkha. Mphutsi za udzudzu sizivutika nazo zimenezi popeza zimapumira pamwamba pa madzi, ndipo zoolazo ndiye chakudya chake. Choopsa kwa ife n'chakuti dothi ndi zinyalala zogwera m'madzi zikhoza kubweretsa Pythium, kachirombo kooletsa mbande patsinde zikangomera. Tomato kapena kabichi akagwa chotere panazale, mlandu umagwera mbewu, pomwe mbewuyo inali yabwinobwino.

Kuweruza kwathu n'kwakuti mthunzi ndi wabwino, masamba ndiwo oipa. Tisadule mtengo ayi. Tiike mgolo pamthunzi, koma tiuvundikire ndi chivundikiro chothina kapena neti yolimba. Thanki ikhale yamtundu wakuda kapena wobiriwira, yosalowetsa kuwala. Matope apansi tiziwakhuthula mlungu uliwonse, pakuti nyengo yotentha udzudzu umakhwima pa masiku 7 mpaka 10 okha. Tisamale makamaka kuyambira Julaye mpaka Seputembala, pamene mitengo yambiri imayoyola masamba, komwenso ndi pamene nazale za chilimwe zimafuna madzi ochuluka.

Tsono wogula akabwera ndi dandaulo la kameredwe, tisanatsegule paketi ina timufunse kaye kumene mgolo wake uli.