Pamaliro timasonkha, nanga kwa amene wapereka impso?

Kuno ku Chigwa cha Shire sitigona pa nkhani ya maliro. Uthenga ukangomveka, ufa umasonkhedwa khomo ndi khomo, adzukulu amanyamula makasu, amayi amatunga madzi, ndipo amene sanaonekere pasiwa mfumu imamudziwa. Koma pali vuto lina limene sitinazolowere kulisonkhera, la munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito pamodzi ndi abale amene akumusunga ndi moyo. Ndikulemba izi monga munthu amene ndakhalapo gadiyani wa achimwene anga, amene lero akuyenda ndi impso ya mlongo wathu.

Ntchito ya impso ndi kusefa magazi ndi kutaya zoipa kudzera m'mkodzo. Zikafooka, munthu amatupa miyendo ndi nkhope, amasanza, amabanika, ndipo kumudzi mawu oyamba amakhala akuti waponda mankhwala. Chonsecho zimene zimawononga impso timakhala nazo tsiku ndi tsiku: BP, shuga, malungo aakulu, ngakhalenso likodzo lonyalanyazidwa, limene kuno n'losasowa chifukwa cha madambo ndi ngalande za mthirira. Onjezanipo dzuwa lathu la Okutobala. Ku Nicaragua ndi El Salvador madokotala akhala akuona matenda a impso akuchuluka pakati pa odula nzimbe amene amagwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira. Ife a ku Nchalo nkhani imeneyo tisamaimve ngati yakutali.

Impso zikafa zonse ziwiri, njira zimatsala ziwiri. Yoyamba ndi makina osefa magazi, aja amati dialysis. Wodwala amalumikizidwa kumakinawo maola pafupifupi 4, kawiri kapena katatu pasabata, moyo wake wonse. Kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, makina a boma amene tili nawo pafupi ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchokera pa boma la Nsanje ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo wochokera ku East Bank, monga ku Muona kapena Makhanga, ali ndi yakeyake nkhani ya msewu. Palibe mlimi wa thonje angakwere chitunda cha Thabwa kawiri sabata iliyonse pa minibasi. Mapeto ake banja limagawika: wodwala ndi gadiyani amakapempha pogona kwa achibale ku Ndirande kapena ku Bangwe, ana amatsala ndi agogo, dimba limamera tchire. Amene anayesa kumayendera kumudzi anaona zakuda mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anadula msewu wa M1. Kwa wamalonda zinali zongochedwetsa katundu, koma kwa wodalira makinawo kudumpha masiku angapo n'kuika moyo pachiswe.

Njira yachiwiri ndi kuikidwa impso ya munthu wina. Si zachilendo padziko. Opaleshoni yoyamba yopambana inachitika mu Disembala 1954 ku Boston, pamene Dr Joseph Murray anaika mwa munthu wina impso ya mnzake amene anabadwa naye mapasa. A ku Tanzania anayamba kuchita opaleshoniyi m'dziko mwawo mu 2017 pachipatala cha Muhimbili. Ife odwala athu amapita kunja, makamaka ku India, ena kudzera pamndandanda wa boma wa otumizidwa kunja, ena pogulitsa ng'ombe ndi kupemphetsa.

Ndikhazikike pa wopereka impso, chifukwa ndi amene timamuiwala. Mlongo wathu asananyamuke anamuyeza gulu la magazi, HIV, matenda a chiwindi, BP, shuga, ndi mphamvu ya impso zake zonse ziwiri. Pakanapezeka kachilema kalikonse, akanamubweza. Komanso lamulo la ku India la 1994 limaletsa malonda a ziwalo, moti tinayenera kuonetsa zikalata zotsimikiza kuti awiriwa ndi apachibale enieni ndipo palibe ndalama imene yadutsa. Anamufunsa payekha, ife tili panja, ngati wina wamukakamiza.

Atabwera kumudzi anapeza kuti nkhani yafika kale, koma itavala zina. Pamjigo ankanong'onezana kuti wagulitsa chiwalo kwa amwenye. Ena ankati sadzaberekanso. Akuchimuna kwake anatuma nkhoswe kudzafunsa kuti chilolezo chodula thupi la mkazi amene anamulowola chinachokera kwa yani, ngakhale mwamuna wakeyo ndiye anamuperekeza pokakwera basi. Sindikuwaweruza kwambiri anthuwa. Dziko lino laona anthu achialubino akuphedwa chifukwa cha ziwalo, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera kuno. Mawu akuti chiwalo ananunkha. Komabe zimawawa kuona mayi amene wapulumutsa mlongo wake akuyenda mozyolika ngati wakuba.

Zoona zake n'zakuti munthu wathanzi amakhala bwinobwino ndi impso imodzi, ndipo mayi wopereka impso atha kubereka, kungoti madokotala amamulangiza kudikira kaye thupi lichire. Chimene amasowa wopereka ndi anthu omugwirira ntchito. Kwa masabata 6 kapena kuposerapo saloledwa kunyamula zolemera. Tangoganizani mayi wa kuno amene sangasenze ndowa, sangasinje, sangagwire khasu, nthawi ya mvula ili pafupi. Pambuyo pake ayenera kumayezetsa BP chaka ndi chaka, kumwa madzi ambiri, ndi kupewa mankhwala opha ululu monga brufen ndi diclofenac, amene timangogula pagolosale ngati maswiti.

Wolandira impso naye sikuti wathana nazo. Thupi limaona impso yatsopanoyo ngati mlendo wosaitanidwa ndipo limafuna kuikana. N'chifukwa chake amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, tsiku lililonse, pa ola lomwelomwelo, mpaka kalekale. Ndi okwera mtengo, ndipo si mankhwala oti muwapeza pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Akadukiza, impso ija itha kufa, nsembe ya m'bale uja n'kupita m'madzi. Tsono poti chitetezo chafooketsedwa dala, matenda amene ena amachira msanga iye amamugwetsa. Pamene kolera inavuta mu 2022 ndi 2023, kenaka namondwe wa Freddy n'kuthamangitsira anthu m'misasa ya m'masukulu mu Malichi 2023, ife mantha athu anali pawiri. Achimwene sakanatha kugona m'kalasi limodzi ndi anthu ochuluka otsokomola, kapena kumwa madzi osawiritsa. Anawasunga ndi mphunzitsi wina amene anawapatsa kachipinda m'nyumba mwake, ndipo sanafunse kanthu.

Thandizo lenileni limene tinalandira linali la mtundu umenewo. Amayi a kutchalitchi anagawana masiku otungira mlongo wathu madzi. A banki mkhonde anavomera kuti abweze ngongole mochedwa popanda chindapusa. Mnyamata wa kabaza ankatitengera kusiteji mbandakucha, kulipira mwezi ukatha. Ndipo nzeru zambiri tinazipeza kwa magadiyani anzathu amene tinkakhala nawo pabenchi podikira odwala athu. Tinapatsana manambala, ndipo mpaka lero timauzana pa WhatsApp kuti mankhwala akutiakuti apezeka kufamase iti, ndani akupita ku Blantyre angatengere mnzake, ndani wagonekedwa, ndani watisiya. Nyuzipepala sizilemba zimenezi, koma kwa ife ndiye nkhani zikuluzikulu za sabata.

Gadiyani ndiye sindinamunene mokwanira, mwina chifukwa ndine mwiniwake. Ndingoti munthu ameneyu amatopa, amakwiya, nthawi zina amalakalaka zitangotha, kenaka n'kudzida yekha chifukwa cha maganizo amenewo. Mukakumana naye musamangofunsa kuti odwala adzuka bwanji. Mufunseni ngati iyeyo wadya.

Pempho langa likupita kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi mawailesi a m'dera lathu lino. Tsiku lokumbukira za impso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi. Itanani adokotala a ku Chikwawa, Ngabu, Montfort kapena Trinity adzafotokoze m'Chisena ndi m'Chimang'anja kuti kupereka impso kwa m'bale n'chiyani ndipo kugulitsa chiwalo n'chiyani, anthu amve kusiyana kwake pakamwa pa odziwa. Ndipo inu a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi, pamene mukulemba maina a okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera mvula isanayambe, lembaninso oyendera makina osefa magazi ndi omwa mankhwala a impso. M'mudzi mwina mupezeka mmodzi yekha, mwina osapezeka n'komwe, koma madzi akasefukira, boti lidziwe khomo loyambira.