Nkhope za Makolo Zisamire mu Mdima

M'nyumba zambiri za kuno ku Lundazi muli sutukesi imene yasunga zithunzi zakale zakuda ndi zoyera: ukwati wa agogo pa khomo la chalichi, ubatizo wa mwana wacisamba, kapena mnyamata ataima monyadira patsogolo pa Lundazi Castle, nyumba ija inamangitsidwa ndi bwana Errol Button m'masiku a atsamunda. Zina zasuluka, zina ciswe cazilawa m'mphepete. Masiku ano timapita nazo ku situdiyo pa boma kuti akazikope pa kompyuta ndi kuzisindikizanso ndi makina opopera inki, ochedwa inkjet. Koma kawirikawiri timabwerako okhumudwa: nkhope ya agogo yada ngati khala, diresi la mkwatibwi layera mbee osaonekanso mapindiro ake, ndipo cithunzi conse cabiriwira.

Vuto loyamba liri pa inki. Makina ang'onoang'ono ambiri, pofuna kupanga mtundu wotuwa, amasakaniza inki yabuluu, yofiirira ndi yacikasu. Imodzi ikangopyola pang'ono, cithunzi cimabiriwira kapena kufiira. Makina a akatswiri, monga amene a Epson anatulutsa mu caka ca 2005, ali ndi inki yakuda pamodzi ndi zina ziwiri zotuwa, motero vutoli limacepa. Pamene otere palibe, tipemphe wosindikiza ayambe watulutsa kacithunzi kakang'ono koyesera, ndipo tikakaone panja masana, pakuti nyali ya magetsi imanamiza maso.

Vuto laciwiri ndilo lalikulu. Pa kompyuta, kucokera pa kuda bii kufika pa kuyera mbee pali masitepe 256, kuyambira 0 mpaka 255. Cithunzi cosuluka cimangokhala pa masitepe apakati, n'cifukwa cake cimaoneka ngati cakutidwa ndi nkhungu. Mankhwala ake ndi cida cochedwa Levels: malo akuda koposa, monga jekete la mkwati, awakokere ku 0, ndipo oyera koposa, monga kolala, awakokere kufupi ndi 255. Apa m'pofunika kusamala. Khungu lathu liri ku mbali yakuda ya masitepewa, ndipo kuda kukanyanya, imene imayamba kumira ndi nkhope. Conco masitepe apakati awakweze pang'onopang'ono kufikira maso, mphuno ndi makwinya a pa mphumi zitaoneka, koma diresi lisatayike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikumbukirenso kuti galasi la kompyuta limadziwalira lokha, pamene pepala limadalira kuwala kocokera kwina. Galasi likawala kwambiri, cosindikizidwa cimatuluka cakuda kuposa cimene tinaona. Kulicepetsako kuwala tisanayambe nchito kumapulumutsa inki ndi ndalama. Pokopa, madontho 600 pa inchi ngokwanira kuti kacithunzi kakang'ono kakulitsidwe bwino.

Pepala nalo liri ndi mbali yake. Pepala wamba lolembapo makalata limamwa inki, ndipo kuda kumasanduka phulusa. Pepala la zithunzi lonyezimira limasunga inki pamwamba, motero kuda kumazama. Wosindikiza awauze makina mtundu weniweni wa pepala limene waikamo, ndipo cithunzi cigone usiku umodzi kuti ciume cisanalowe m'felemu. Tisacipacike moyang'anana ndi zenera kapena kufupi ndi utsi wa kukhichini, pakuti inki yambiri imasuluka msanga ndi dzuwa.

Cithunzi cakale cija tisacitaye, ngakhale catsopano citakongola motani. Ndipo pamene akuluakulu odziwa nkhopezi akali nafe, tikhale nawo pansi, tilembe ndi pensulo kumbuyo kwake maina, mudzi ndi caka. Mdzukulu amene sanawaone agogo ake adzawadziwira pamenepo.