Kompyuta ya magemu: funsani zomwe wogulitsa sanalembe

Ntchito yanga ndi ya makompyuta: kuwalumikiza, kuwakonza ndi kuwachotsa fumbi. Masiku ano ambiri akumandifunsa za makompyuta amphamvu a magemu, aja ogula atalumikizidwa kale, a galasi m'mbali ndi timagetsi tamitundumitundu m'kati. Ofunsawo ndi achinyamata omwe asunga ndalama nthawi yaitali, makolo omwe mwana sakuwagonetsa tulo, eni malo oseweretsa magemu m'matauni, ngakhalenso abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande ofuna kutumiza mphatso kwawo. Amanditumizira chithunzi pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga iyi ili bwanji?" Pachithunzipo pamakhala mizere inayi: Core i9, RTX, 32GB, 2TB. Mizereyi nthawi zambiri imanena zoona. Koma chomwe chidzachititse kuti makinawo akhalitse kapena afe msanga chili m'zinthu zomwe sanalembe.

Tiyambe ndi zolembedwazo, poti nazonso zimasocheretsa anthu.

Chiwalo chachikulu pa kompyuta ya magemu ndi khadi la zithunzi, lomwe ambiri timangoti GPU. Ndilo limajambula chilichonse chomwe mukuona pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo ndalama zambiri ziyenera kupita kumeneko. Manambala ake ali ndi kawerengedwe. Pa RTX 5080, 50 woyambayo akunena m'badwo wa khadilo, pomwe 80 womalizayo akunena msinkhu wake m'banjamo. N'chifukwa chake RTX 5060, ngakhale nambala yake ikuoneka yaikulu, imachepa mphamvu kutali poiyerekeza ndi RTX 4090 ya mu 2022. Wogulitsa akangolemba kuti RTX osamaliza nambala, sanakuuzeni kanthu.

Mu Januwale 2025 kampani ya Nvidia inatulutsa RTX 5090 pa mtengo wa madola 1,999 ndi RTX 5080 pa madola 999. Kenaka kunabwera RTX 5070 Ti pa madola 749. Mu Malichi chaka chomwecho AMD inatulutsa Radeon RX 9070 XT pa madola 599. Iyi ndi mitengo yomwe makampaniwo analengeza ku America. M'masitolo inkakwera kuposa apa, ndipo katundu akafika kuno amakhala atasenza msonkho, mayendedwe ndi vuto lathu la ndalama zakunja. Onani bwino: pa mitengo yolengezedwayo 5090 inawirikiza kawiri mtengo wa 5080, koma liwiro lake m'magemu siliwirikiza kawiri.

Ndiye mugule liti? Ine ndimayamba ndafunsa za monita. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho pafupifupi 2 miliyoni, ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, pomwe ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni. Khadi limajambula kadontho kalikonse, choncho 4K ndi ntchito yochuluka kanayi kuposa 1080p. Ngati gemu yanu ndi EA Sports FC kapena Counter-Strike 2 pa sikirini ya 1080p, kugula 5090 n'kutaya ndalama, chifukwa mphamvu yakeyo simudzaiona ndi maso. Pa 1440p, RTX 5070 Ti kapena RX 9070 XT zimakwanira bwino lomwe, ndipo apa ndi pomwe ndimalangiza anthu ambiri kuti aime, ndalama zotsalazo agulire monita yabwino. RTX 5080 ndi 5090 ndi za munthu wa 4K, wofuna kuti gemu ngati Cyberpunk 2077 ioneke ndi kuwala kwake konse. Khadi limakhalanso ndi memore yakeyake, yosiyana ndi RAM ya kompyuta: 5090 ili ndi 32GB, pomwe 5080, 5070 Ti ndi 9070 XT zili ndi 16GB. Makina omwe khadi lake lili ndi 8GB sindingawatche apamwamba lero, kaya bokosi lake likongole chotani.

Chenjeraninso ndi manambala a liwiro omwe amalemba potsatsa malonda. Pa chionetsero cha CES ku Las Vegas mu Januwale 2025, mkulu wa Nvidia, Jensen Huang, ananena kuti RTX 5070 ya madola 549 ifanana ndi RTX 4090. Zimenezo zimatheka pokhapokha mutayatsa luso la DLSS, lomwe pa chithunzi chilichonse chenicheni limawonjezera zina mpaka zitatu zopeka ndi AI. Luso limeneli ndi labwino ndithu, gemu imaoneka yosalala. Koma dzanja lanu likasuntha mausi, gemu imayankha molingana ndi zithunzi zenizenizo, osati zopekazo. Poyerekeza makadi awiri, funani manambala omwe anayeza DLSS itazimitsidwa.

Za pulosesa sindichulukitsa. Dzina la i9 limagulitsa malonda, ndipo n'chifukwa chake mumapeza makina a pulosesa yodula atawaphatikiza ndi khadi lapakati. Pa magemu okha, Ryzen 7 9800X3D ya AMD, yomwe inatuluka mu Novembala 2024, ili ndi ma core 8 basi, koma m'magemu ambiri imaposa mapulosesa odula kuposa iyo, chifukwa cha memore yothamanga ya 96MB yomwe ili pa pulosesa penipenipo. Ma core ochuluka amathandiza munthu wokonzanso mavidiyo kapena wojambula mapulani a nyumba. Mukapeza makina a Intel a m'badwo wa 13 kapena 14 ali pa mtengo wotsika, dziwani kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapulosesa amenewa ankadzipatsa magetsi opitirira muyeso n'kumawonongeka pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonzera vutoli kudzera mu BIOS n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Funsani ngati BIOS yake ndi yatsopano musanalipire.

Tsopano tilowe m'bokosimo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa makina olumikizidwa kale nyererezo zimakonda kubisala mu power supply.

Aka ndi kabokosi komwe kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawira ziwalo zonse. Sikawonjezera liwiro, sikawala, ndipo ogula sakafunsa. Apa ndiye pomwe wolumikiza wofuna phindu lalikulu amadulira ndalama. Koma RTX 5090 yokha imatha kukoka mawati 575, ndipo Nvidia imalangiza power supply ya mawati 1,000. RTX 5080 imakoka mawati 360 ndipo imafuna ya mawati 850. Makadiwa amakokanso magetsi modzidzimutsa: gemu ikafika potentha amapitirira muyesowo kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo power supply yofooka imazimitsa makina nthawi yomweyo. Ndakonzapo makina ambiri omwe eni ake ankaganiza kuti khadi lafa, chonsecho vuto linali kabokosi kopanda dzina kameneka. Power supply yabwino ikafa imafa yokha. Ikafa yotchipa imatha kutenga motherboard ndi khadi la madola mazanamazana. Musakhutire ndi mawu akuti 850W Gold. Gold amangonena kuti siitaya magetsi ambiri; sanena za ubwino wa zitsulo za m'kati. Funsani dzina la kampani ndi nambala ya modelo, komanso ngati ili ya muyeso wa ATX 3.1, womwe anaukonzera makadi atsopanowa. Wogulitsa akamazemba funso limeneli, ine ndimabwerera pomwepo.

Palinso chingwe chomwe chimapereka magetsi ku makadi akuluakulu a Nvidia. Mu 2022, RTX 4090 itangotuluka, anthu ena anapeza mutu wa chingwechi utasungunuka, ndipo Nvidia inati nthawi zambiri chinkakhala chosalowetsedwa mpaka kumapeto. Mutuwo anaukonzanso, koma lamulo silinasinthe: chilowe chonse mpaka chimveke kuti thwa, ndipo chisapindike pafupi ndi khadi.

RAM ya 32GB ndi yokwanira. Chofunika kufunsa n'chakuti ndi timitengo tingati. Tiwiri ta 16GB timayendetsa uthenga m'njira ziwiri nthawi imodzi. Kamodzi ka 32GB kamadutsa njira imodzi, ndipo gemu imatha kumadodoma pa chifukwa chimenechi chokha. Nthawi zinanso mumalipira RAM yothamanga, monga DDR5-6000, koma olumikizawo sanayatse XMP kapena EXPO mu BIOS, ndiye ikuyenda pa liwiro lotsika. Kukonza zimenezi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Posungira zinthu pakhale SSD ya NVMe ya 2TB, poti magemu akuluakulu ambiri akupitirira 100GB imodzi.

Nkhani yomwe ndimaiona kuti ndi yathu kwambiri kuno ndi ya motherboard ndi bokosi. Makampani ena akuluakulu amapanga ziwalo za mawonekedwe awoawo. Makina a Alienware Aurora a kampani ya Dell, mwachitsanzo, akhala akubwera ndi motherboard yomwe siingalowe m'bokosi lina, ndipo m'bokosi lawolo simungalowe motherboard wamba. Kwa munthu wa ku Texas, yemwe kampani ingamutumizire china msanga, si vuto lalikulu. Kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Chipata, chiwalo chotere chikafa makina amakhala pakona miyezi. Makina olumikizidwa ndi ziwalo wamba za muyeso wa ATX, ngati omwe amagulitsa masitolo a ku South Africa monga Evetech ndi Wootware, mmisiri aliyense wa ku Limbe kapena ku Lilongwe angathe kuwatsegula, kuchotsa chakufacho n'kuikamo china. Amalolanso kuti patsogolo mudzasinthe khadi kapena pulosesa osagula makina ena. Pa mfundo imeneyi ndimaika mtima kuposa pa dzina la kampani.

Bokosilo liyang'aneni kutsogolo. Ngati kuli galasi lotseka kopanda poti mpweya ulowere, mafani owala a kutsogolowo akungozungulira osakoka kanthu. Mawati onse omwe makina akudya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Ziwalo zikatentha kwambiri zimadzichepetsa zokha liwiro kuti zisapse, ndiye mumakhala mutalipira mphamvu yomwe simukuilandira. Mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, zimenezi zimaonekeratu. Sankhani bokosi la kutsogolo kwa nsefa ya timabowo, lokhala ndi zotchinga fumbi zochotseka. Makinawo musawaike pansi, ndipo muziwapemerera fumbi miyezi ingapo iliyonse. Zoziziritsira za madzi n'zokongola ndipo zimagwira ntchito, koma zili ndi pampu yomwe tsiku lina imafa. Choziziritsira cha mpweya chachikulu chimakwanira pulosesa ngati 9800X3D, ndipo chomwe chingafe pamenepo ndi fani yokha, yosavuta kupeza.

Magetsi athu nawo awerengereni m'bajeti. Pa mavolti palibe chodetsa nkhawa kwenikweni: ma power supply abwino amakono amalandira kuyambira 100 mpaka 240, choncho makina ochokera ku America amagwira pa 230 yathuyi mutangosintha chingwe cha kukhoma, koma werengani kaye zomwe zalembedwa pa kabokosiko. Choopsa ndi kuthima ndi kubwera kwa magetsi mwadzidzidzi. UPS ndi yofunika, ndipo ka UPS ka 650VA ka mu ofesi kamapereka mawati osafika 400, osakwanira makina otere gemu ili m'kati. Funani ya 1,500VA kapena kuposa, ya pure sine wave, ndipo muwerenge mawati ake osati VA yokha. Ntchito yake si yoti mupitirize kusewera, koma kukupatsani mphindi zoti muzimitse makina mwadongosolo. Pa mayunitsi, makina odya mawati 800 akayaka maola asanu atha mayunitsi anayi. Amene muli pa sola, muyeze inveta ndi mabatire anu ndi nambala imeneyo. Mwina mudzaona kuti 5070 Ti ya mawati 300 ndiyo ikugwirizana ndi nyumba yanu.

Ulendo wa makinawo ndi womwe umandidetsa nkhawa kwambiri. Makadi akuluakuluwa ndi olemera, ndipo amangogwira pa kampata kamodzi ka motherboard ndi tizomangira tochepa. Basi yochokera ku Johannesburg kudzera ku Tete mpaka pa Mwanza imawagwedeza ulendo wonse, ndipo ndalandirapo makina atsopano kampatako katathyoka. Pemphani wogulitsa kuti aike thovu lotchinjiriza m'kati, kapena bwino koposa, khadilo alichotse liyende m'katoni yakeyake. Funsaninso za waranti mwachindunji: ikugwira kuno kapena m'dziko lomwe mwagulalo mokha? Chikafa chiwalo chimodzi mudzatumiza chokhacho kapena makina onse, ndipo adzalipire mayendedwe ndani? Yankho lilembedwe pa lisiti.

Makina akafika, musathamangire kuyatsa. Tsegulani m'mbali, chotsani thovu lija, kankhani khadi, RAM ndi zingwe zonse kuti muone ngati zakhazikika. Chingwe cha monita chilowe kumbuyo kwa khadi la zithunzi, m'munsimo, osati pa motherboard pamwamba; anthu ambiri amalakwitsa apa n'kumadabwa kuti makina odula akuyenda ngati a mu ofesi. Mu Windows sinthani liwiro la sikirini lifike pa 144Hz kapena 165Hz ya monita yanu, poti kawirikawiri imayambira pa 60. Kenaka ikani mapulogalamu aulere a CPU-Z ndi HWiNFO. Loyambalo likuonetsani mayina enieni a pulosesa, motherboard ndi RAM kuti muyerekeze ndi lisiti. Lachiwirilo likuonetsani kutentha kwa ziwalo gemu ili m'kati. Sabata yoyambayo sewerani magemu olemera kwa maola angapo tsiku lililonse, kuti ngati pali chiwalo chofooka chionekere nthawi yobwezera katundu isanathe.